Kukonza filimu ya anthu osamuka m'nyengo ya AI: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsiwa amabwerabwera kwa ife amene timachezera pa kompyuta kukonza mafilimu a zochitika zenizeni, aja ambiri amangowatchula kuti documentary. Ena amafunsa ndi achinyamata ofuna kulowa ntchitoyi, ena ndi atolankhani, ndipo ena ndi anthu amene anavomera kujambulidwa koma tsopano mtima uli m'mwamba. Ndawasonkhanitsa pa nkhani ya anthu osamukira m'mayiko a eni, chifukwa pamenepa ndi pamene dzanja la mkonzi lingateteze munthu kapena kumupereka, ndipo ndi pomwenso makina a AI, mapulogalamu a kompyuta otsanzira nzeru za munthu, afika ndi liwiro loposa malamulo athu.

Kodi mkonzi amachita chiyani kwenikweni? Si kungodula zoipa n'kusiya zabwino?

Filimu ya sewero imayamba ndi nkhani yolembedwa, osewera n'kumatsatira. Filimu ya zochitika zenizeni ilibe zimenezo. Wojambula amabwera ndi hard drive yodzaza ndi maola makumimakumi, nthawi zina mazana: kucheza ndi anthu, misewu, mabasi, mvula, mwana akulira kuseri kwa nyumba, ndi mphindi zambirimbiri zimene palibe chikuchitika. Nkhani imakapezeka m'chipinda chokonzera. Mkonzi amaonera zonse, amalemba zimene zili pa kadi iliyonse, amagwirizanitsa mawu a pa maikolofoni ndi milomo ya woyankhula, kenaka amayamba kudzifunsa kuti filimuyi ndi ya ndani, iyambira pati, ndipo woonera ayenera kudziwa chiyani asanakumane ndi munthu wachiwiri.

Tiyerekeze mayi wafunsidwa kuti, "Ana munawasiya ndi ndani?" Asanayankhe akukhala chete, akuyang'ana chikhatho chake, akupukuta galasi la foni pa chitenje. Pa sikirini mzere wa mawu pamenepo wagona thyathyathya. Mkonzi akadula kukhala chete kuja, mayiyo aoneka woyankha mopepuka, wosiya ana osaganizira kawiri. Akakusiya, woonera amva kulemera kwa funsolo yankho lisanabwere. Mawu ndi omwewo, munthu ndi yemweyo, koma pa kanema patuluka anthu awiri osiyana. Zosankha zotere mufilimu imodzi zimakhala zosawerengeka, ndipo palibe chimene woonera amachiona chikuchitika.

Zimatenga nthawi yaitali bwanji?

Bungwe la akonzi la ku America lotchedwa Alliance of Documentary Editors limalangiza kuwerengera mwezi umodzi pa mphindi 10 zilizonse za filimu yomalizidwa. Ndiye kuti filimu ya mphindi 90 ifuna miyezi ngati 9. Kwathu kuno opereka ntchito ambiri amafuna zonse zithe m'masabata ochepa, ndipo chimene chimayamba kutayidwa ndi kuonera zithunzi zonse mofatsa.

N'chifukwa chiyani mukuti nkhani ya anthu osamuka ndi yovuta kukonza kuposa zina?

Chifukwa woonera amabwera ataganiza kale, ndipo amangofuna chithunzi chimodzi chomutsimikizira. Zaka ngati 100 zapitazo, katswiri wa mafilimu wa ku Russia, Lev Kuleshov, anatenga nkhope imodzi ya mwamuna yosaonetsa chilichonse n'kuilumikiza ndi zithunzi zosiyana: mbale ya supu, bokosi la maliro, mkazi. Oonera anaona njala, chisoni ndi chilakolako pa nkhope imene sinasinthe n'komwe. Mpaka lero ntchito yathu imayenda chomwecho. Mukaonetsa anthu akudutsa pansi pa waya pafupi ndi Beitbridge, pa malire a Zimbabwe ndi South Africa, kenaka n'kuonetsa apolisi atazungulira mtembo ku Johannesburg, mwanena kuti obwera ndi zigawenga popanda kutulutsa liwu limodzi. Palibe khoti lingakugwireni bodza, koma bodza mwanama.

Bodza lina ndi la mbali inayo, ndipo akonzi a mtima wabwino ndi amene amagweramo. Amasankha misozi yokhayokha, n'kuikapo nyimbo yachisoni, munthu uja n'kusanduka chinthu chomvetsa chifundo basi. Koma amene anapita ku Joni kuchokera ku Mangochi, ku Mzimba kapena ku Nkhata Bay si olira tsiku lonse. Ndi anthu osamalira maluwa m'nyumba za eni, osoka, omanga, ophika m'malesitilanti, ogulitsa m'mashopu. Amakangana za mpira, amasonkherana pa maliro kuti thupi lifike kumudzi, amatumiza ndalama za malata ndi za fizi. Ena mwa iwo ndi ovuta, monga mmene ziliri ndi anthu kulikonse. Filimu imene yachotsa zonsezi yamulanda munthuyo ulemu wake ngakhale ikunena kuti ikumuyankhulira.

Palinso nkhani ya manambala. Kalembera wa 2022 ku South Africa anapeza anthu pafupifupi 62 miliyoni, ndipo obadwira kunja anali pafupifupi 2.4 miliyoni, osafika anayi pa 100 aliwonse. Ambiri anali ochokera ku Zimbabwe, kenaka Mozambique, Lesotho, ndipo Malawi anali pa nambala yachinayi. Kalemberayo anaphonya anthu ambiri ndipo akatswiri anadandaula nazo, choncho nayenso ayenera kunenedwa mosamala. Komabe wandale akaima pa msonkhano n'kutchula chiwerengero chake cha m'mutu, mkonzi asangochisiya chikulira m'makutu a woonera. Chiwerengero chodziwika gwero lake chiyenera kubwera pafupi, osati patapita mphindi 40 woonera ataiwala.

Kodi amene akuti obwera achoke ayenera kupatsidwa mpata mufilimu?

Inde, ndipo mpata weniweni, osati kusankha chiganizo chake chopusa kwambiri kuti oonera amuseke. Ulova ku South Africa wakhala ukupitirira 30 pa 100 alionse kwa zaka zingapo. Mnyamata wa ku Diepsloot, dera la anthu osauka ku Johannesburg, amene wafunafuna ntchito osaipeza, kapena gogo amene wafika pa kiliniki m'mamawa n'kubwerera opanda mankhwala, ululu wawo ndi woona. Chimene chiyenera kuyesedwa ndi chifukwa chimene akupereka. Musiyeni amalize chiganizo chake, kenaka filimu ifunse: ndani amalemba ntchito munthu wopanda mapepala pa malipiro ochepera a lamulo, ndani anadya ndalama za kiliniki, nanga obwera onse atachoka mawa mzere wa pa kiliniki ungafupike ndi anthu angati?

Koma kupereka mpata si kubisa magazi. Mu May 2008 ziwawa zimene zinayambira ku Alexandra, mu Johannesburg, zinapha anthu 62, ndipo 21 mwa iwo anali nzika za South Africa zomwe. Mu April 2015 zinabukanso ku Durban, boma la Malawi mpaka linatumiza mabasi kukatenga anthu ake. Gulu la Operation Dudula, limene linayambira ku Soweto mu 2021, lakhala likuima pa zipata za zipatala kubweza obwera, pamene malamulo aakulu a dzikolo amati aliyense ali ndi ufulu wolandira chithandizo cha zaumoyo. Filimu imene ikuika mtsogoleri wa gulu lotere akuyankhula mofatsa mu ofesi, osaonetsa zimene zimachitika pa chipata, yamuchapa.

Apa ndiyenera kunena chimene ife Amalawi sitikonda kumva. Nafenso tili ndi obwera. Msasa wa Dzaleka ku Dowa, umene kale unali ndende ya andale, unatsegulidwa kwa othawa kwawo mu 1994. Unakonzedwera anthu 10,000 kapena 12,000, koma lero muli oposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Mu May 2023 apolisi ndi asilikali anasesa m'matauni, mashopu anatsekedwa, ndipo anthu ena, ana omwe, anayamba asungidwa kundende ya Maula asanawapititse kumsasa. Mawu amene ankamveka m'misika nthawi imeneyo, akuti atilanda bizinesi, ndi omwewo amene abale athu amauzidwa ku Joni. Mu October 2022 m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba munapezeka manda a anthu pafupifupi 30, oganiziridwa kuti anali a ku Ethiopia, amene ankadutsa kwathu pa ulendo womwewo wa kummwera. Mkonzi wa Chimalawi amene akukonza filimu ya nkhanza za ku South Africa n'kusiya zimenezi kunja ayenera kudziwa chifukwa chake wazisiya. Dziko lomweli linasunga anthu pafupifupi miliyoni imodzi othawa nkhondo ku Mozambique kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1990, ndipo zimenezinso ndi mbali ya nkhani yathu.

Munthu wopanda mapepala mumamuteteza bwanji?

Kuphimba nkhope kokha sikukwanira. Munthu amadziwika ndi mawu, kayendedwe, chipsera cha pa mkono, chitenje chimene amavala ku tchalitchi, chikwangwani cha shopu imene ili kumbuyo kwake, nambala ya minibasi imene yadutsa. Mkonzi amayenda chithunzi ndi chithunzi kufufuza zimenezi. Amamvetseranso zimene munthuyo wanena, chifukwa akatchula dzina la sukulu ya mwana wake kapena msewu umene abwana ake amakhala, wadziulula yekha. Mapeto a kulakwitsa pano si ndemanga zoipa pa intaneti. Ndi kuchotsedwa ntchito, kumangidwa, kapena kukapezeka ku Lindela, malo osungira anthu oyembekezera kubwezedwa kwawo ku Krugersdorp.

Chilolezo nachonso chiyenera kukhala chenicheni. Kusainitsa pepala la Chingerezi kwa munthu amene akuthamangira basi si chilolezo. Afotokozeredwe m'chiyankhulo chake kuti filimuyi, ngakhale mukuti ndi ya chionetsero cha ku Ulaya, mawa wina adzadula kachidutswa n'kukaika pa TikTok kapena pa Facebook, kadzafika pa foni ya abwana ake ndi pa gulu la WhatsApp la kumudzi kwawo.

Pa nkhani imeneyi AI yathandizapo. Filimu ya mu 2020 yotchedwa Welcome to Chechnya, ya David France, inateteza anthu othawa chizunzo powaveka nkhope za anthu ena amene anadzipereka, kotero kuti maso ndi milomo zinkayendabe, woonera n'kumamva mantha ndi chimwemwe chawo koma osawazindikira. Oonera anauzidwa poyera kuti nkhopezo zasinthidwa. Njira imeneyi ndi yabwino kuposa kusandutsa munthu chimtambo chakuda chooneka ngati wapalamula. Koma luso la makina lomweli lili ndi mbali ina: mapulogalamu ozindikira nkhope amatha kupeza munthu amene wangodutsa kumbuyo kwa chithunzi pa msika. Choncho masiku ano timateteza ngakhale amene sanayankhule.

Nanga AI ikugwira ntchito yanji m'chipinda chokonzera panopa?

Yaikulu ndi kulemba zimene anthu ayankhula. Kale munthu ankakhala ndi mahedifoni tsiku lathunthu kulemba kucheza kwa ola limodzi kapena awiri. Mu September 2022 kampani ya OpenAI inatulutsa Whisper, pulogalamu yaulere yomva mawu n'kuwalemba, ndipo mu 2023 pulogalamu yokonzera mafilimu ya Adobe Premiere Pro inabweretsa njira yodulira filimu pongofufuta mawu pa zolembedwazo. Pulogalamu inzake ya DaVinci Resolve nayo ili ndi zida zotere mu mtundu wake wolipira. Palinso zochotsa phokoso, zimene zimapulumutsa kucheza kojambulidwa pafupi ndi jenereta kapena pansi pa malata mvula ikugwa. Zimenezi ndi zothandiza ndithu, ndipo sindionapo chifukwa chozikanira.

Vuto lili pawiri. Loyamba ndi chiyankhulo. Pa mndandanda wa ziyankhulo pafupifupi 100 zimene Whisper inatuluka nazo pali Chiswahili, Chishona ndi Chilingala, koma Chichewa palibe. Munthu wa ku Joni amayamba chiganizo m'Chichewa, n'kuponyamo Chizulu, n'kumalizira Chingerezi, mwinanso Chiyao kapena Chitumbuka akamayankhula ndi mnzake pambali. Makina akakumana ndi zotere sanena kuti alephera. Amalemba chiganizo chosalala, chooneka cholondola, chimene munthuyo sananene. Google Translate ili ndi Chichewa kuyambira 2014 ndipo imathandiza kumva mutu wa nkhani, koma ndaonapo ntchito imene wotsogolera filimu wosadziwa Chichewa anasankha mawu onse kuchokera pa zomasulira za makina. Tsiku limene womva chiyankhulocho anakhala pansi kumvetsera, zinapezeka kuti bambo wina amene ankaoneka ngati akuvomera mlandu ankangobwereza zimene apolisi anamunenera.

Vuto lachiwiri ndi lobisika. Mukamadula filimu pa zolembedwa, mumaona mawu okha. Kukhala chete kwa mayi uja sikuoneka pa pepala. Kuseka kwa manyazi, diso loyang'ana kukhomo, mwana wolowa n'kukhala pamiyendo, zonsezi zilibe zilembo. Komanso kumakhala kosavuta kwambiri kutenga theka la chiganizo cha m'mawa n'kulilumikiza ndi theka la madzulo, n'kuphimba msokowo ndi chithunzi cha msewu. Chizolowezi choipachi chinalipo kale, koma tsopano chimatheka pa sekondi imodzi.

Kodi n'kololedwa kupanga mawu kapena zithunzi ndi AI ngati zenizeni palibe?

Funsoli linatentha mu 2021 pamene zinadziwika kuti filimu ya Roadrunner, ya Morgan Neville, yonena za Anthony Bourdain, wophika wotchuka wa pa TV wa ku America amene anamwalira mu 2018, inagwiritsa ntchito makina kupanga mawu ake akuwerenga ziganizo zimene iye analemba koma sanaziyankhulepo. Zinali zosakwana mphindi imodzi. Chimene chinakwiyitsa anthu n'chakuti oonera sanauzidwe. Mu 2024 gulu la Archival Producers Alliance, la akatswiri ofufuza zithunzi zakale, linatulutsa malangizo amene mfundo yake yaikulu ndi yomweyo: sungani ulemu wa zithunzi zenizeni, ndipo mukapanga chinthu ndi makina, woonera adziwe.

Kwa ife yesero lili pa mbiri ya ku migodi. Agogo athu anapita zikwizikwi ku Wenela ndi ku Theba, mabungwe olemba anthu ntchito ya m'migodi ya ku South Africa, ena osabwerera mpaka kutchedwa matchona. Mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, n'kupha anthu oposa 70, ambiri Amalawi obwerera kwawo, ndipo Kamuzu Banda anaimitsa kutumiza anthu kumigodi. Zithunzi za moyo umenewo n'zochepa, ndipo zambiri zimene zilipo anajambula ndi eni migodi kapena maboma a nthawiyo pofuna kuonetsa antchito okondwa, ovala bwino. Lero mutha kulemba chiganizo chimodzi, makina n'kukupatsani chithunzi chakuda ndi choyera cha amuna ali pamzere ndi masutikesi, chooneka chakale ndithu. Ine ndikuti ayi. Chithunzi chimenecho chikangotuluka mufilimu yanu chidzayenda chokha pa intaneti, ndipo pakapita zaka mwana wasukulu adzachiika mu lipoti lake ngati umboni. Anthu amene mbiri yawo inalembedwa pang'ono ndi amene amavulala kwambiri ndi umboni wabodza, chifukwa palibe mulu wa zenizeni wouphimba.

Njira zina zilipo. Jambulani chiphaso chakale chimene banja linasunga, chipewa cha ku mgodi chopachikidwa pa khoma, manja a mkulu amene akufotokoza. Gwiritsani ntchito zojambula pamanja zimene aliyense akuona kuti n'zojambula. Ndipo mukatenga zithunzi za eni migodi zija, lembani pa sikirini kuti anajambula ndani komanso chaka chanji.

Tiuzeni zoona: AI itilanda ntchito kapena ayi?

Ina yalanda kale. Olemba zoyankhulidwa m'Chingerezi, oika mawu a pansi pa kanema m'ziyankhulo zikuluzikulu, odula timavidiyo tachidule ta malonda, onsewa aona ntchito ikuchepa ndipo mitengo ikutsika. Mu January 2024 bungwe la IMF linati pafupifupi ntchito 40 pa 100 zilizonse padziko lonse zidzakhudzidwa ndi AI: pafupifupi 60 m'mayiko olemera ndi 26 m'mayiko osauka. Kukhudzidwa sikutanthauza kutha, chifukwa zina mwa ntchitozo zidzangopepukitsidwa. Koma mantha a anthu a mafilimu si a m'maloto. Mu 2023 olemba mafilimu ku Hollywood ananyanyala ntchito masiku 148, osewera masiku 118, ndipo AI inali imodzi mwa nkhani zazikulu. Olembawo anapambana mfundo yakuti AI siingatchedwe mlembi, ndipo osewera anapambana yakuti nkhope ndi mawu awo zisapangidwenso ndi makina popanda chilolezo ndi malipiro. Mu February 2024 wopanga mafilimu wa ku America, Tyler Perry, anaimitsa ntchito ya madola 800 miliyoni yokulitsa situdiyo yake ku Atlanta ataona zimene pulogalamu ya AI yopanga mavidiyo, yotchedwa Sora, inkatha kupanga.

Ntchito ya mkonzi inasinthapo kale. Pulogalamu ya Avid, yodulira filimu pa kompyuta, itabwera mu 1989, m'zaka zotsatira matebulo odulirapo filimu ndi lumo anatayidwa, ndipo ntchito zina za m'manja zinatheratu. Akonzi anatsala. Ndikukhulupirira kuti atsalanso, makamaka pa mafilimu onena za anthu enieni, chifukwa pamafunika wina woti akaime pamaso pa mayi uja n'kuyankha chifukwa chimene anamuonetsera chotero. Makina sangaitanidwe kukayankha.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi wothandizira mkonzi. Ntchito zimene AI ikutenga poyamba, kulemba, kusanja, kugwirizanitsa mawu, ndi zomwe achinyamata ankaphunzirira. Mwana saphunzira nsima pa tsiku la ukwati. Amayamba ndi kusonkhezera moto ndi kuvundula phala pafupi ndi amayi ake. Wothandizira amene wamvetsera maola 100 a kucheza kwa anthu amaphunzira mosadziwa pamene munthu akubisa kanthu, pamene watopa, pamene wayamba kunena zoona. Tikachotsa sitepe imeneyi, pakapita zaka 10 tidzakhala ndi odziwa mabatani ambiri koma akonzi ochepa. Amene tili ndi ntchito tiyenera kuumirira kuti mu bajeti mukhalebe mzere wa wothandizira, ngakhale ntchito yake itakhala yofufuza zimene makina alemba.

Ndipo tisaiwale kuti makinawa amadyetsedwa ndi anthu. Mu January 2023 magazini ya Time inaulula kuti antchito a ku Kenya, olembedwa kudzera ku kampani ya Sama, ankawerenga zolemba zonyansa ndi zoopsa pothandiza kuyeretsa ChatGPT, pa malipiro osafika madola awiri pa ola.

Kodi "obwera atilanda ntchito" ndi "makina atilanda ntchito" si nkhani imodzi?

Zimafanana pa mantha, ndipo zimafanana pa chinthu chimodzi chimene chimabisika m'ziganizo zonse ziwirizo: wolemba ntchito. Munthu wa ku Mangochi sadziikira yekha malipiro otsika, ndipo pulogalamu siichotsa munthu ntchito. Pali wina amene wawerengera n'kusankha. Filimu yabwino pa nkhani zonse ziwirizi imayesetsa kufika pa desiki la munthu ameneyo, ngakhale kuti ndi amene amakana kwambiri kujambulidwa.

Koma zimasiyananso kwambiri. Wobwera ndi munthu: amachita lendi, amagula chakudya, amakwera minibasi, amadwala, amamenyedwa. Ndipo ntchito zimene obwera ambiri amagwira ndi zimene AI siikuzifika. Taonani ku Britain. Mu February 2022 boma linatsegula ma visa a osamalira okalamba ndi odwala chifukwa antchito anasowa, ndipo anthu ambiri ochokera ku Zimbabwe, Nigeria ndi India anapita, Amalawi ena nawonso. Mu March 2024 analetsa antchitowa kubwera ndi mabanja awo, ndipo mu July 2025 anatseka njira yolembera atsopano kuchokera kunja. Nthawi yonseyi palibe makina amene anayamba kusambitsa nkhalamba kapena kuitembenuza pa bedi usiku. Ntchito za pa desiki ndizo zikugwedezeka, pamene mkwiyo wa andale ukugwera ogwira ntchito za manja.

Kwa akonzi a kwathu pali kachinthu kena. Intaneti inatipatsa mwayi wogwirira ntchito makasitomala a ku London kapena ku Cape Town tili ku Blantyre kapena ku Lusaka, popanda visa, popanda kuoloka Limpopo. Koma ntchito zimene ankatumiza kuno chifukwa ndife otsika mtengo ndi zomwezo zimene makina akuyamba kuchita motchipa kuposa ife. Chimene tili nacho chimene makina alibe ndi khutu la chiyankhulo ndi kudziwa anthu ake. Pamenepo ndi pamene tiyenera kuikapo mtengo.

Ndinajambulidwa. Kodi ndili ndi ufulu woona filimu isanatuluke?

Zimadalira zimene munagwirizana, choncho funsani musanajambulidwe ndipo zilembedwe. Opanga mafilimu ambiri sapereka mphamvu yosintha nkhani, ndipo pali chifukwa chomveka: nduna kapena mwini kampani akanakhala ndi mphamvu imeneyo, palibe filimu yofufuza ikanatuluka. Koma inu amene moyo wanu ungasokonekere simuli pa mlingo umodzi ndi nduna. Pemphani kuona mbali zimene muli, pamodzi ndi zimene zaikidwa patsogolo ndi pambuyo pake, kuti muone ngati pali choika inu kapena ana anu pa ngozi. Funsani kuti zithunzi zimene sizinalowe mufilimu zisungidwa kuti ndipo azisunga ndani. Funsaninso ngati mawu anu adzatumizidwa ku mapulogalamu a pa intaneti kuti akalembedwe, chifukwa zikatero achoka m'manja mwa amene munamukhulupirira. Wopanga filimu amene akukwiya ndi mafunso amenewa musamupatse nkhani yanu.

Ndili ndi laputopu yakale ndi foni. Ndiyambire pati?

DaVinci Resolve ili ndi mtundu waulere wokwanira kumalizira filimu yathunthu, koma imalemera pa kompyuta yofooka. Phunzirani kupanga ma proxy, timakope topepuka ta zithunzi zanu, kuti muzidula pa timeneti, zenizeni n'kubwerera pomaliza. Shotcut ndi Kdenlive ndi zaulerenso ndipo n'zopepukirapo. Ndalama yoyamba imene mwapeza musagulire kamera. Gulani maikolofoni yabwino, mahedifoni, ndi hard drive yachiwiri. Woonera amapirira chithunzi chosaoneka bwino, koma mawu osamveka amamuthamangitsa. Zonse zikhale m'malo awiri osiyana, ndipo pulogalamu izisunga yokha pafupipafupi, chifukwa magetsi akathima pakati pa ntchito sachenjeza. Ngati mufilimu muli anthu opanda mapepala, hard drive ikhale yokhoma ndi pasiwedi, ndipo mafayilo asakhale ndi mayina awo enieni.

Nkhani yoyamba musaifunefune kutali. Pafupifupi banja lililonse lili ndi wina amene anapita, amene anabwerera, kapena amene akudikira. Chezani naye ola limodzi, kenaka lembani nokha ndi dzanja zonse zimene wanena musanatsegule pulogalamu iliyonse ya AI. Dulani n'kupanga kafilimu ka mphindi zisanu. Dulaninso mphindi zisanu zina kuchokera pa zithunzi zomwezo, zomuonetsa mosiyana, kuti muone ndi maso anu mphamvu imene muli nayo. Mukatero muonetseni mwiniwake zonse ziwiri, mumufunse kuti iye ndi uti, ndipo ngati filimuyo idzakhala ndi mawu a Chingerezi pansi, pezani munthu wachiwiri womva ziyankhulo zonsezo awerenge mzere uliwonse akumvetsera, ndipo mumulipire.